Getsi la pabwalo likutimaliza ife ochita lendi

Abale anga okhala m'zipinda za kuseri kuno ku Joni, tsatirani waya wa getsi la pabwalo muone kuti walowa mu mita ya ndani. Ambirife tikulipirira kuwala kwa mpanda wonse osadziwa.

Pomwe ndimachita lendi ku Rosettenville tilipo mabanja anayi pa mita imodzi, timasonkherana kugula mayunitsi. Mayunitsiwo ankangosungunuka ngati mchere m'madzi, mpaka tinayamba kulozana zala, wina akuti ndi ketulo ya uje, wina akuti ndi hita ya uje. Mnyamata wina wa ku Mangochi wodziwa za magetsi ndiye anakwera pa mpando n'kutionetsa. Chigetsi cha halogen chomwe a landilodi anakhoma pamwamba pa geti, chowalira galimoto zawo, chikudya kwa ife!

Pa chigetsicho palembedwa 500W. Chimayaka kukangoda mpaka kucha, ndipo mu June ndi July usiku wa kuno umapitirira maola 12. Ndiye kuti mayunitsi 6 usiku umodzi, 180 pamwezi. Yunitsi masiku ano ili cha m'ma R3, werengani nokha, ndalamayo ikudutsa R500. Komanso mtengo wa magetsi mu Johannesburg uli m'magawo, mukagula mayunitsi ambiri mwezi umodzi otsatirawo amadula. Kuwonjezera apo, mu July 2024 akuluakulu a mzindawu anaika R200 ya pamwezi kwa ogula mayunitsi, msonkho wake pambali.

Sindikunena kuti pabwalo pakhale mdima ayi. Amene anakumanapo ndi matsotsi pa geti akuchokera ku ntchito usiku amadziwa kufunika kwa getsi. Chikundiwawa n'chakuti vutoli ndi losavuta kulithetsa. Getsi la LED la 30W likhoza kuwalitsa bwalo lathuli, ndipo pamwezi lingadye mayunitsi 11 okha. Alipo ena oyaka pokhapokha munthu akadutsa, ena a sola osakhudza n'komwe mita.

Tinapita kwa a landilodi mwaulemu, manja kumbuyo. Ndinati, "Bambo, tigula tokha getsi latsopano, inu mungotilola tichotse lakaleli." Yankho lake linali lakuti wosakondwa alongedze, anthu ofuna chipinda ndi ambiri. Amadziwa kuti enafe mapepala sali bwino, sitingapite kukadandaula kulikonse, ndiye amatiyankha mmene afunira.

Gawo langa lokha pa chigetsi chimenechi limaposa R125 mwezi uliwonse. Ndimapeza ndalama ndi ganyu wopenta, tsiku lina ntchito ilipo, tsiku lina palibe, kwinaku mayi ku Balaka akudikira ya feteleza. Tagwirizana anayi tonse kuti kutha kwa mwezi uno tichotsa ndalama ya chigetsicho pa lendi, ndipo aliyense azisunga malisiti a mayunitsi. Akafuna kutithamangitsa atithamangitse tonse pamodzi.