Mwati "adzabzalanso"?

Ndakhala chete masiku atatu kudikira kuti mtima utsike, koma sukutsika. Ndiye ndilankhula, wokwiya akwiye.

Loweruka lapitali moto wapsereza mitengo imene achinyamata a m'mudzi mwathu kuno ku Angónia anabzala m'mbali mwa kamtsinje kathu. Moto wa mbewa. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, anayatsa tchire kuti aone bwino mauna, mphepo n'kuutenga motowo. Mbewa zimene anaphazo sizinadzaze ndi kapoto komwe. Zimenezo zinandiwawa, koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mawu amene anatuluka pabwalo Lolemba, anawo atapita kukadandaula. Bambo wina amene tonse timawapatsa ulemu anangoti, "Aaa, si mitengo chabe? Anawa adzabzalanso." Anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Kenako panabwera mlandu wa mbuzi imene inalowa m'dimba la kabichi. Umenewo unakambidwa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mwini mbuzi analipira.

Kabichi ali ndi mtengo wake. Thukuta la ana athu lilibe. Adzabzalanso!

Inu amene mwanena mawu amenewa, munayamba mwadzazako chubu chimodzi? Ine ndinaona ndi maso anga. Mwana wa achemwali anga ali m'gulu limeneli. Ndalama zogulira machubu analibe, ndiye ankatola mapepala a shuga ndi a mchere pamsika wa ku Ulongwe, kuwatsuka, kuwaboola ndi msomali, n'kudzazamo dothi losakaniza ndi manyowa ndi mchenga. Njere za msangu ankazikhula pamwala imodziimodzi kuti zimere msanga, zala mpaka kusupuka. Mthunzi wa nazale anamanga okha, udzu anamweta okha. Mvula itagwa mu Disembala anakumba maenje, n'kuwokera mbawa, msangu ndi katope kufupi ndi madzi. Mvula itatha sanaleke. M'mawa kuzizira kwa kuno mukukudziwa, Juni mame ali mbuu, mtsikana chigubu cha malita 20 pamutu, kuthirira kaye asanapite kusukulu. Mtengo uliwonse anautchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi zathu zomwezi. Palibe anawalipira ngakhale metikali imodzi. Palibe anawatuma.

Lamulungu m'mawa ndinamupeza mtsikanayu ali palupsa, mapazi bii ndi phulusa. Anaima pa kambawa kamene kanali katafika m'chiuno mwake, tsopano kandodo kakuda. Ankakanda khungwa ndi chikhadabo kuti aone ngati m'kati mukadali mobiriwira. Akanda aka, apita pa kena, akandanso. Sanalire, sanalankhule. Ndiye munthu atsegule pakamwa n'kunena kuti adzabzalanso?

Mawu amenewa ndi chipongwe. Akutanthauza kuti nthawi ya mwana si nthawi. Akutanthauza kuti msana wa wachinyamata suwawa. Akutanthauza kuti chaka chathunthu cha ntchito chingathe kupsa masana amodzi popanda wina kunena ngakhale "pepani". Ikanakhala nkhokwe ya bambo amenewo yapsa, tikanamva kuti "adzalimanso"? Chikanakhala chigafa cha fodya, bwenzi nkhani itafika kwa mfumu yaikulu tsiku lomwelo. Koma poti ndi mitengo ya ana, ndi masewera.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ana anathawira kudambo kuja, n'kupeza dambo lauma.

Ndipo musaganize kuti anawa amachita zimenezi chifukwa chosowa chochita. Akudziwa chimene akuthawa. Mtsinje wa Revúbuè umayambira kumapiri athu konkuno. Madzi amene tikulephera kuwagwira m'nthaka kuno ndi omwe amakafika kumunsi ali olusa. Mu Malichi 2019 analowa m'nyumba za anthu mumzinda wa Tete. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, anagumula mlatho wa pa Revúbuè panjira ya pakati pa Tete ndi Moatize, tonse tinaona zithunzi pa WhatsApp. Chaka chotsatira Freddy anakwirira abale athu ku Malawi ndi matope ochokera m'mapiri. Mu 2024 mvula inadula, chimanga n'kupserera chisanabereke m'madera ambiri. Ana amene ali ndi zaka 18 lero aona zonsezi asanakwatire n'komwe. Kaya ndi utsi wa mafakitale a maiko akutali, kaya ndi umphawi wathu, zimenezo akambe odziwa. Anawa anangoona kuti gombe likugumuka chaka ndi chaka, chitsime chikuphwa msanga, amayi awo akupita kutali kukafuna nkhuni, n'kunena kuti tiyeni tichitepo kanthu. Ife akuluakulu tinachitapo chiyani? Tinadula. Iwo akubzala. Ife tikuwotcha, n'kumawauza kuti abzalenso.

Mpaka liti? Abzale kangati kuti muone kuti ndi ntchito? Kawiri? Kasanu? Tsiku limene adzatope n'kukwera chapa kupita ku Tete kukagulitsa zinthu m'misewu, kapena kutsika mpaka ku Joni, ndinu nomwe mudzayambe kudandaula kuti ana a masiku ano sakonda kwawo, ndi aulesi, amangokhalira foni. Foni yomweyo ndi imene anaphunzirirapo kufesa msangu, inu muli pabawo.

Sindikunena kuti wotentha uja amangidwe. Ndi mnansi wathu, ndiwo zavuta kwa aliyense. Koma aime pamaso pa anawo avomere kuti analakwa. Atenge khasu akalambule nawo njira yotchinga moto. Asenzeko chigubu mlungu umodzi wokha, amve mmene khosi limawawira. Ndipo bambo amene anati "adzabzalanso" aja akhale oyamba kukumba dzenje mvula ikagwa. Mawu amenewo awabweze ndi manja awo.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi izi. Nthawi ya Pulezidenti Guebuza tinkamva pawailesi kuti mtsogoleri aliyense wa m'mudzi akhale ndi nkhalango yake, mwana wasukulu aliyense abzale mtengo. Kwathu kuno nkhalango ya mtsogoleri ili pati? Andilozere ndikaione. Nanga aja anabwera tsiku lowokera ndi galimoto zoyera, atavala malaya olembalemba za chilengedwe? Anagwira kambande kamodzi, madzi anathiriridwa ndi wina, chithunzi, chithunzi, ana amene anagwira ntchito n'kuwakankhira kumbuyo kuti alendo aoneke bwino. Pa Facebook analemba ngati nazale ndi yawo. Anasiya mabotolo a madzi ali mbwee pansi, anawo n'kutola. Nambala ya mtsogoleri wa gulu ali nayo, anawatumizira zithunzi za lupsa Loweruka lomwelo. Lero ndi Lachinayi, sanayankhe.