Kapinga weniweni kwa akatswiri, pulasitiki kwa ana asukulu

Ndalandira kalata yochokera ku yunivesite imene ndinaphunzirako kuno ku America, ndipo yandikwiyitsa moti sindingathe kukhala chete. Akuluakulu a sukuluyo akutipempha ife amene tinamaliza maphunziro kuti tisonkhe ndalama zoti azulire kapinga pa mabwalo amene ophunzira wamba amasewerapo, n'kuyalapo kapinga wapulasitiki, ndipo akuti chimenechi ndi chitukuko. Bwalo limene timu yaikulu ya sukuluyo imakonzekererapo silikhudzidwa ayi. Limenelo likhalabe ndi kapinga weniweni, wothiriridwa ndi kutchetchedwa ndi anthu olembedwa ntchito. Ine sindipereka ngakhale dola imodzi, ndipo anzanga amene mwalandira kalata yomweyi ndikufuna mumve chifukwa chake.

Bondo la wophunzira wamba ndi bondo ndithu, ndipo khungu lake limasupuka mofanana ndi la katswiri wolipidwa mamiliyoni. Ngati pulasitiki ndi wosayenera kwa anyamata amene amabweretsa ndalama za pa wailesi yakanema, ndiye kuti ndi wosayeneranso kwa mtsikana wophunzira unamwino amene amathamanga pa bwalo madzulo akatuluka m'kalasi. Sindikuona chifukwa chimene thupi lina likuyesedwa lamtengo wapatali, lina n'kumayesedwa loti lipirire chilichonse chimene chapepukitsa bajeti.

Si ine ndekha amene ndikudandaula ndi kapinga ameneyu. Mu 2020 JC Tretter, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa bungwe la osewera a mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, anapempha poyera kuti mabwalo onse a ligiyo akhale a kapinga weniweni chifukwa cha kuvulala kwa mawondo ndi akakolo. Mu September 2023 Aaron Rodgers, katswiri wa mu ligi yomweyo, anadula mtsempha wa kuchidendene pa bwalo lapulasitiki la MetLife masewero atangoyamba kumene, ndipo mkanganowo unabukanso dziko lonse. Amayi osewera mpira wamiyendo, motsogozedwa ndi Abby Wambach, anakasuma atamva kuti chikho cha dziko lonse cha 2015 ku Canada chiseweredwa pa pulasitiki, chinthu chimene amuna sanachitiridwepo pa chikho chawo. Pa chikho cha 2026, FIFA inalamula kuti mabwalo onse akhale ndi kapinga weniweni, ngakhale a ku Atlanta ndi ku Los Angeles amene amagwiritsa ntchito pulasitiki, ndipo akatswiri a ku University of Tennessee ndi Michigan State University anapatsidwa ntchito yofufuza mmene angamudzalire. Anthu onsewa ali ndi mabungwe, maloya ndi mawu omveka. Mwana wa chaka choyamba alibe aliyense womulankhulira, n'chifukwa chake pulasitiki amagwera iyeyo.

Pa mabwalo amene akufuna kuwazulawo ndi pamene ine ndinaphunzira flag football, ndipo ndikamawakumbukira mtima umandiwawa. Kwa amene simunawaonepo, awa ndi masewero a mpira wa ku America koma opanda kugwetsana: aliyense amamanga lamba wokhala ndi tinsalu titatu m'chiuno, ndipo kuti umuimitse amene wanyamula mpira umangomuthothola lambayo. Tinkasewera asanu ndi awiri mbali iliyonse, kapena asanu ndi atatu timu ikakhala yosakaniza amuna ndi akazi, usiku magetsi atayaka, kuyambira mu September mpaka mphepo ya November itayamba kuluma zala. Matimu ankachokera m'nyumba zogona ophunzira, m'magulu a mapemphero, ngakhale m'malabotale mmene anthu ankaswera tsiku lonse osaona dzuwa. Oyimbira anali ophunzira anzathu, ndipo mphoto ya opambana inali tisheti chabe, koma tisheti imeneyo anthu ankailimbirana ndi mtima wonse, ena mpaka lero amaisunga. Ife ochokera kunja, amene tinafika tikudziwa mpira wamiyendo wokha, pamenepo ndi pamene tinapeza anzathu oyamba, chifukwa munthu wothamanga sasowa timu ngakhale asakudziwa malamulo onse.

Masewero amenewa ndi odzigwetsa pansi. Umadziponya kuti ugwire lamba wa mnzako, umadziponya kuti uwakhe mpira usanagunde pansi, umatembenuka mwadzidzidzi phazi litaponda mwamphamvu. Pa kapinga weniweni nsapato ikakodwa, dothi limagonja n'kuzuka, iwe n'kudzuka ndi matope m'mawondo basi. Pulasitiki sagonja; nsapato ikagwira yagwira, ndipo chimene chimagonja ndi bondo. Ukatsetsereka pamenepo khungu limasupuka n'kusiya chilonda choyaka, tizidutswa takuda ta mateyala akale timene amathira pakati pa ulusiwo tikudzadza m'masokosi, m'tsitsi ndi pachilonda pomwepo. Dzuwa likawomba, pamwamba pake pamatentha kupitirira madigiri 60, kapinga wa pafupi pomwepo ali wozizira bwinobwino. Kodi amene anasaina chikalata chovomereza ntchitoyi anayamba wagwadapo pa pulasitiki masana a mu September? Kodi angalole mwana wake kudziponya pamenepo manja ali pamtunda?

Akuti kapinga weniweni amadya ndalama za madzi, feteleza ndi antchito, komanso mvula ikagwa masewero amalephereka. Zimenezo tazimva. Chithunzi chimene aika m'kalatamo ndi chokongola, chobiriwira mbali zonse, mizere yake yoyera mbee, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti masewero a ophunzira wamba sanayambe ngati chinthu chongowonjezera. Mu 1913 mayunivesite a Michigan ndi Ohio State anakhazikitsa nthambi zoyang'anira masewero a ophunzira okhaokha, ndi cholinga choti amene sanasankhidwe m'timu yaikulu nawonso akhale ndi malo awo. Kapinga wapulasitiki anatchuka pambuyo pake, mu 1966, pa bwalo la Astrodome ku Houston, chifukwa kapinga weniweni anafa pansi pa denga posowa dzuwa. Kumeneko kunali kusowa pogwira. Nanga mabwalo athuwa, amene ali pamtetete, dzuwa likuwawomba ndipo mvula ikuwagwera, avutika ndi chiyani? Palibe denga lililonse limene lapha kapinga wathu. Akumupha ndi anthu amene aona kuti ana amenewa si oyenera kuwalembera munthu wothirira bwalo.

Ndipo zikuchitika pa nthawi imene flag football ikukwera. Mu 2023 komiti ya Olympics inavomereza kuti masewerowa adzakhale nawo pa mpikisano wa ku Los Angeles mu 2028, ndipo atsikana ochuluka akuwalowa m'masukulu a sekondale. Atsikana amenewo akafika ku yunivesite adzapeza kuti malo awo ndi kapeti yotentha, pamene anyamata a timu yaikulu akuthamanga pa kapinga wofewa kuseri kwa mpanda. Uku n'kusala, ngakhale atakukometsa ndi mawu otani. Wophunzira wamba amalipira chindapusa cha zamasewero chaka ndi chaka pamodzi ndi fizi, afune asafune, ndiye asamuuze kuti athokoze pomupatsa chotsalira. Ndalama yake ndi ndalama, ndipo miyendo yake ayenera kudzayendera moyo wake wonse, popanda dokotala wa timu womuthamangira akagwa.

Musandiuzenso kuti pulasitiki akayalidwa ndiye kuti nkhani yatha. Kapinga ameneyu amakhala zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, kenako ulusi umagona, misoko imatseguka, ndipo amafunika kumukanganula yense n'kugula wina. Amene mukudziwa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre mukukumbukira kuti nakonso kapinga woyamba atatha anachita kumuchotsa n'kuyala watsopano. Nanga wakaleyo amapita kuti? Bwalo limodzi limatulutsa matani ambirimbiri a pulasitiki, mchenga ndi mphira zosakanikirana, zovuta kuzilekanitsa, ndipo zambiri zimathera kudzala kapena kuunjikidwa m'mikukutu kuseri kwa mafakitale. Mu 2022 meya wa mzinda wa Boston, Michelle Wu, analetsa kuyala kapinga wapulasitiki watsopano m'mapaki a mzindawo. Mu 2023 mayiko a European Union anagwirizana kuti kuyambira mu 2031 tizidutswa ta mphira tija tisamagulitsidwenso, chifukwa timakokoloka ndi madzi a mvula n'kukathera m'mitsinje. Sukulu yomweyi imaphunzitsa ana za kuteteza chilengedwe m'kalasi, inaletsa mabotolo apulasitiki m'chipinda chodyera, imamata zikwangwani zobiriwira pakhomo lililonse, koma lero ikufuna kukwirira maekala a dothi lamoyo ndi pulasitiki, kumtunda kwa kamtsinje kamene kamadutsa m'mudzi wa anthu osauka kumunsi kwa sukuluyo, ndipo anthu a kumeneko palibe amene wawafunsa.