Siponji yatinamiza: maganizo anga pa za chishalo cha njinga

Ndakhala ndikunena pamacheza, lero ndilembe pano kuti wofuna kunditsutsa anditsutse poyera. Ambiri mu Zomba muno timagula chishalo cha njinga ndi chala. Munthu amafika kwa ogulitsa zipangizo za njinga mumsika, amanyamula chishalo n'kuchidina ndi chala chachikulu. Chala chikamira, basi, "ichi ndiye chabwino," ndalama n'kutuluka m'thumba. Koma chala sichikwera njinga. Chomwe chimakhala pamenepo ndi mafupa awiri a m'matako, ndipo mafupa amenewa zofewa alibe nazo ntchito, amafuna pokhazikika.

Mukakhalitsa pa benchi yathabwa, pali malo awiri amene amayamba kudandaula. Amenewo ndiwo mafupa onyamula thupi tikakhala pansi. Pakati pawo, kuchokera kumaliseche kupita kumbuyo, pali mnofu wofewa momwe mumadutsa mitsempha ya magazi ndi minyewa. Malo amenewa sanalengedwe kuti azisenza munthu. Ndiye chishalo chikakhala cha siponji yambiri, mafupa aja amamira, siponji yomwe yathawa pansi pawo imatukumukira pakati n'kumakanikiza pofewa paja. Ponyamuka m'tauni mumamva kukoma. Pofika pa Thondwe dzanzi layamba, ndipo mwayamba kale kusuntha uku ndi uku kufunafuna pokhala. Amayi athu nzeruyi anali nayo kalekale: nkhata yabwino imapotedwa yolimba, pakati n'kusiya bowo, kuti ndowa ikhale pamkombero osati paliwombo. Zishalo zamakono zokhala ndi kampata kapena kangalande pakati anazipanga pa chifukwa chomwechi.

Za dzanzizi abambo sitikamba poyera. Timangozitchula mwanthabwala, zija zakuti njinga imatha mphamvu za m'nyumba, tonse n'kuseka. Koma ku America bungwe la boma loona za umoyo wa anthu pantchito, NIOSH, linafufuza apolisi omwe amalondera panjinga, ndipo mu 2009 linalangiza kuti anthu ogwira ntchito yotere azikhalira zishalo zopanda mphuno, kutsogolo kosongoka kuja, kuti pamalo paja pasamapanikizike. Sindikunena kuti tikasake zishalo zotero. Njinga yosenza matumba a mpunga kapena kasitomala imafuna mphuno ija, ntchafu zimathandizira pamenepo kuti isayende njoka. Ndikungoti nkhaniyi anthu ophunzira anaiona kuti si yoseketsa, pomwe mnyamata wa kabaza wa pa Matawale amakhala panjinga kuyambira m'bandakucha mpaka mdima.

Ndipo a kabazawo ndiye amandimvetsa chisoni. Taimani pa siteji iliyonse, kaya pa Chinamwali, kaya pa Mpondabwino, muone njinga zitandandalika. Kumbuyo kokhala kasitomala n'kosamalika: khushoni yonenepa yosokedwa bwino, ina mpaka ya mphonje, zopondera mapazi, kachitsulo kogwirira. Kenako yang'anani pokhala mwini wake. Chikuto chinang'ambika kalekale, sipulingi imodzi inathyoka moti chishalo chapendekera mbali imodzi, pamwamba pake anakulungapo nsanza ndi majumbo n'kumanga ndi malegeni. Ndikudziwa, khushoni ndiyo imaitana kasitomala, ndipo pa siteji pamene pali njinga zambirimbiri munthu amasankha yooneka bwino. Komatu kasitomala amatsika pakatha mphindi 10. Chishalo chopendekeka chimapendeketsa chiuno, ndipo msana umalipira madzulo.

Tiyambe ndi wopanda ndalama, chifukwa ndiye tili ambiri, komanso chifukwa mavuto ochuluka a chishalo safuna ndalama n'komwe.

Tsiku lina ndikupopetsa tayala kwa wokonza njinga wina cha ku Mpondabwino, panafika bambo wachikulire wochokera mbali ya ku Jali, nkhuku ziwiri zili pa kaliyala. Anati akufuna chishalo chatsopano, chakalechi chamutopetsa, mawondo ndi msana sizikumugonetsa.

"Madala, sungani kaye ndalamazo. Takwerani ndione," anatero wokonza uja.

Bamboyo atapalasa pang'ono, tonse tinaona: mawondo akukwera mpaka pafupi ndi mahandulo, mphuno ya chishalo italoza kumwamba. Wokonzayo anatenga sipanala ya 13, anamasula nati, anakweza chitsulo cha chishalo zala zinayi, anagogoda mphuno ija ndi chikhatho mpaka inagona molingana ndi kumbuyo, n'kumanganso.

"Ikani chidendene pa pedulo ili pansiyo. Mwendo wawongoka? Eya, ndi pomwepo."

Mkuluyo anapita mpaka pamsewu n'kubwerera akuseka. "Achimwene, ndiye mwadziphera nokha msikatu."

Muyeso wake ndi womwewo. Pedulo ikakhala pansi penipeni, chidendene chili pamenepo, mwendo uwongoke popanda kupendeketsa chiuno. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira, bondo limakhala lopindika pang'ono chabe. Chishalo chikatsikitsitsa, mawondo amavutika ndipo thupi lonse limatsamira pamatako chifukwa miyendo siikuthandiza kunyamula. Chikakweretsa, chiuno chimagwedezeka uku ndi uku ndipo ntchafu zimasupuka. Izi ndimaziona kwambiri pa atsikana opita ku sekondale yoyendera panjinga ya bambo awo: chishalo chili pa msinkhu wa bambo, mwana akuchita kufikira pedulo ndi nsonga za zala, akuvina pamwamba pa njinga ulendo wonse. Makolo, nati imodzi yokha. Mphuno nayo izigona. Ikaloza kumwamba imabaya pofewa paja, ikaloza pansi mumatsetserekera kutsogolo ndipo manja ndi mapewa ndiwo amatopa. Pokweza, yang'anani kamzere kolembedwa pa chitsulocho. Mukakapitirira, chitsulo chimapindika kapena kung'amba felemu.

Onyamula katundu amatsitsa dala chishalo kuti phazi lizifika pansi msanga akaima. Pamenepo sindingawatsutse kwenikweni, thumba la makala likakupendekera pa chitsetso sumafuna kusakasaka nthaka. Koma ambiri amatsitsa mopitirira.

Chinanso chaulere ndi kudziyeza. Dulani katoni yolimba, iikeni pa sitepe ya simenti, khalanipo mutavala chopyapyala, weramani mmene mumakhalira panjinga yanu, kwezani mapazi pang'ono. Mukadzuka mupeza timaenje tiwiri. Yezani pakati pa timaenjeto ndi lula ya mwana wasukulu. Kwa anthu ambiri pamakhala masentimita 10 mpaka 14. Onjezerani masentimita 2, kapena kuposerapo ngati mumakhala chowongoka, ndiye mulifupi mwa chishalo chanu kumbuyo kwake. Kunenepa kapena kuwonda sikusintha mafupawa, pali anthu amatupi akuluakulu a mafupa oyandikana, paliso ochepa thupi a mafupa otalikirana. Amayi ambiri mafupa awo ndi otalikirana pang'ono kuposa abambo, n'chifukwa chake mayi akabwereka njinga ya magiya ya mlongo wake amatsika akulumbira kuti sadzakweranso. Vuto silinali njinga.

Tsopano wa ndalama pang'ono. Ngati njinga yanu ndi zathu zamasiku onsezi, za mtundu wa Phoenix, Hero kapena Avon, kapenanso Buffalo ija kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100, mumakhalapo chowongoka, kulemera konse kuli kumbuyo. Chishalo chake ndi chija chachikulu cha masipulingi awiri pansi. Anthu amachinyoza kuti n'chachikale, koma pa msewu wafumbi wopita ku Kachulu palibe chochiposa. Mabampu amamezedwa ndi masipulingi, pamwamba pamakhalabe polimba, mafupa ali pamalo ake. Ndi zimenezo zomwe siponji imalephera. Pogula, chitembenuzeni muone pansi. Masipulingi akhale a waya wonenepa ndipo alingane kutalika. Kanikizani ndi chikhatho mbali iliyonse, zibwerere mofanana. Onani timano ta chomangira chishalo ku chitsulo chake, chifukwa tikakhala tosaoneka bwino chishalo chizigwada chokha pa bampu iliyonse. Pali zina zowala kwambiri pamwamba, pansi pake pulasitiki yopyapyala yomwe imasweka mvula isanathe.

Kugula kawiri masiku ano kumapweteka. Zipangizo za njingazi zimachokera kunja, makamaka ku India ndi ku China, ndipo kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, chilichonse kuyambira sipoko mpaka chubu chinakwera. N'chifukwa chake ndimati musataye chishalo chomwe chitsulo chake chikadali chabwino. Okonza njinga amasunga zishalo zakufa, sipulingi imapezeka pamenepo. Osoka masofa ndi mipando ya galimoto amatha kuchikutanso, koma muwauze momveka kuti mukufuna siponji yolimba ndi yopyapyala, chifukwa mukangowasiya adzakuunjikirani ya matiresi poganiza kuti akukukomerani mtima. Ndaonapo wina atadula patapata wakutha n'kumuika m'kati. Anaganiza bwino kuposa ambiri.

Zovala za chishalo zija za jelo, zomangira ndi kachingwe pansi, ndalama zake bola mugule chubu. Zimaterereka, zimakulitsa chishalo pomwe ntchafu zikufuna kudutsa, ndipo kutentha kwa October kukafika ndi thukuta lokhalokha.

Amene muli ndi njinga za magiya, za kaunjika zija, nkhani yanu ndi ina. Pa njinga imeneyi mumawerama, kulemera kwina kumapita m'manja, chiuno chimagudubukira kutsogolo ndipo mafupa amagunda chishalo pomwe ali oyandikana. Kachishalo kakang'ono kaja anthu amakuseka nako n'koyenera. Ndimaona anthu akuchotsa n'kuikapo chachikulu cha masipulingi, kenako akukwera ku Ku Chawe ntchafu zikukhuzika pa pedulo iliyonse. Ngati chikukupwetekani, sakani china cha mtundu womwewo chokulirapo pang'ono, pali za mamilimita 143, 155 mpaka 168. Mwa ogulitsa njinga za kaunjika mumapezeka zishalo zabwino zedi zomwe zinangokalika khungu, ndipo ine ndingasankhe chimenecho kusiyana ndi chatsopano chonenepa chopanda dzina. Onani kuti mawaya awiri apansi ndi owongoka. Ndipo pitani nayo njingayo kumsika, musamagule mongoyerekeza: zomangira zimasiyana, zina ndi za nati, zina za aleni kiyi, ndipo zitsulo zake pali za mamilimita 25.4, za 27.2 ndi zina.

Kwa amene thumba likulola, dzina lomwe mudzamve ndi Brooks ya ku England, kampani yomwe inayamba mu 1866 ku Birmingham. Chishalo chawo chotchuka, B17, chakhala chikupangidwa kwa zaka zoposa 100, ndipo pali B66 ya masipulingi ya okhala chowongoka. Amene munaona Humber kapena Raleigh ya agogo mukukumbukira chishalo chachikopa chakuda, chonyezimira chifukwa cha kukhalidwa. Mtundu wake ndi umenewo. Chilibe siponji ngakhale pang'ono. Ndi chikopa chokhuthala chokokedwa pa chitsulo, masabata oyamba chimauma gwa, kenako chimayamba kutenga maonekedwe a mafupa a mwini wake, timaenje tiwiri tija n'kuonekera. Chikatamuka pali kabawuti kumphuno kokungira. Anthu oyenda maulendo ataliatali panjinga amachikonda kwambiri, ndipo kwa ine umenewu ndi umboni wokwanira pa mlandu wa siponji.

Kodi ndingakulimbikitseni kuitanitsa? Kwa ambiri, ayi. Mtengo wake pofika kuno ungafanane ndi wa njinga yathunthu. Chikopa chimadana ndi madzi, ndipo mvula ya pansi pa phiri lino mukuidziwa, mukachisiya panja chinyowe n'kukhalapo chimatamuka osabwereranso. Komanso njinga yoimika panja pa msika ili ndi chishalo chotero, mudzabwera n'kupeza chitsulo chokha. Za mipikisano zija zopepuka ngati pepala ndiye musazilote, mumalipira ndalama zambiri kuti muchotse magalamu ochepa pa njinga yomwe mawa isenza thumba la chimanga.

Zithupsa ndi kusupuka nthawi zambiri si mlandu wa chishalo. Ndi msoko wa jinzi womwe umadutsa pakati penipeni, ndi thukuta, ndi kabudula wam'kati wosachapa. Valani chosakhala ndi msoko wokhuthala, pakani Vaseline pomwe pamakhuzika, imirirani pa mapedulo kanthawi kochepa mukamatsika chitsetso kuti magazi ayende. Chikuto chikang'ambika siponji imamwa madzi a mvula n'kumakunyowetsani tsiku lonse, choncho vindikirani ndi jumbo mukaimika panja. Dzanzi lomwe silikutha mutatsika panjinga, kapena chotupa chomwe chikukula, pitani nacho kuchipatala, musachite nacho manyazi.

Chishalo chatsopano, ngakhale choyenera, masiku oyamba mafupa amamva kuwawa pang'ono, makamaka ngati munazolowera chofewa. Kuwawa kwa pa mafupa kumatha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Dzanzi la pakati silitha ndi kuzolowera, limenelo likutanthauza kuti chishalo si chanu. Ndiye musanapereke ndalama gwirizanani ndi wogulitsa kuti chikakanika mudzasinthitse ndi china. M'mashopu akuluakulu mwina akana, koma okonza njinga a pansi pa mtengo ambiri amavomera, bola mubweze chisanang'ambike.