Vulani wotchiyo musanagwire sopo, abale

Koma anthu ena mumatopetsa. Dzulo pamsika wa Kasungu mnyamata wandevu zake anaimitsa ntchito pa benchi ya okonza mafoni, kukalipa mpaka anthu kuunjikana, ati anamugulitsa smartwatch yachinyengo chifukwa yafa mwezi usanathe. Atamufunsa kuti amaisamala bwanji, anayankha yekha popanda manyazi kuti amasamba nayo madzi otentha m'mawa uliwonse, ndipo Loweruka anachapa nayo majini m'beseni la sopo waufa, poti pakatoni analembapo kuti silowa madzi. Ataitsegula kumbuyo, mkati monse munali mobiriwira. Iye ati andibwezere ndalama zanga. Ndalama ziti achimwene? Wotchi mwaipha nokha.

Chimene chikundiwawa ine n'chakuti munthu yemweyo foni yake ili ndi kava, ili ndi galasi lotchinga, mvula ikangowaza amaikulunga m'jumbo. Koma wotchi, yomwe mkati mwake muli zomwezo, batire, sikirini, spika, maikolofoni ndi kabodi kakang'ono ka mawaya osaoneka ndi maso, akuiviika m'thovu la sopo. Smartwatch ndi foni yaing'ono yomangirira pamkono, basi. Chimene simungachite ndi foni musachite ndi wotchi. Vulani.

Zilembo zili pakatoni zija zili ndi malire ake, koma ndani amawerenga? Safunsa anadya phula. Akalemba IP67, 6 uja akunena kuti fumbi sililowa, 7 akunena kuti inayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Madzi ake oyera, ozizira bwino, odekha, osatakasa. IP68 ndi kupitirira mita imodzi, ndipo ambiri amayesa pa mita 1.5 kwa mphindi 30 zomwezo. Mulibe sopo mmenemo, mulibe nthunzi, mulibe madzi othamanga a pamjigo omenya pagalasi. Akalemba 3ATM, imeneyo ndi ya madontho a mvula ndi kusamba m'manja kokha. 5ATM ndiye mutha kusambira nayo pamadzi osaya, ndipo Apple Watch kuyambira Series 2 komanso ma Galaxy Watch a Samsung ali m'gulu limeneli. Koma ngakhale a Apple eni ake amanena poyera kuti sopo, shampu, mafuta odzola, perefyumu ndi mankhwala othamangitsa udzudzu zimafooketsa zotsekera madzi, ndipo kusalowa madziko si kwamuyaya, kumachepa wotchi ikamakalamba. Ngati eni ake a wotchi yodula akunena choncho, nanga ka T500 kanu ka pa tebulo la venda, kamene chivindikiro chake chakumbuyo anangomata ndi guluu, mukukadalira chiyani?

Madzi amalowera malo odziwika. Pa kabowo ka spika ndi ka maikolofoni pamakhala kasefa kopyapyala komwe kamaletsa dontho la madzi wamba chifukwa donthalo limadzigwira lokha, silifuna kuphwanyika. Sopo ntchito yake ndi kuphwanya kudzigwira kumeneko kuti madzi alowe mu ulusi wa nsalu, ndiye pa kasefa paja amachitanso chimodzimodzi. Pa batani pali kamphira kozungulira. Mukadina batani wotchi ili yonyowa, mwakankhira madzi mkati ndi chala chanu. Madzi otentha amafewetsa guluu wa m'mphepete mwa galasi, nthunzi imalowa, ikazizira imasanduka timadontho pa bodi. Ndiye mukaona kachifunga kunsi kwa galasi m'mawa, dziwani kuti zalowa kale. Ndipo wotchi yomwe inagwapo pasimenti, kapena inatsegulidwapo posintha batire, muziyiwerenga ngati yoti ilibenso chitetezo cha madzi ngakhale pang'ono, kaya pakatoni analemba zotani.

Ndiye vulani. Posamba vulani. Pochapa vulani. Potsuka mbale, popopa pamjigo, pophika nsima pamene nthunzi ikukwera molunjika pamkono, vulani. Ndi masekondi angati kumasula lamba? Mukuopa kuti anthu a pamjigo saona kuti muli ndi wotchi?

Kuno kwathu kulinso zina zomwe a ku China ndi ku America sanaziganizire polemba timabuku tawo. Utomoni wa fodya. Munthu ali m'chigafa kusoka kapena kusankha burley, wotchi ili pamkono, utomoni wakuda uja n'kumata pa batani ndi pa mabowo a spika, fumbi n'kudzakhala pamwamba pake, mapeto ake batani louma gwa, mawu a spika ngati ikulankhulira m'chitini. Feteleza ndiye woipitsitsa. Urea ndi NPK zikakumana ndi thukuta zimasungunuka, madzi akewo amadya chitsulo msanga, muone mmene khasu losiyidwa pathumba la feteleza limachitira dzimbiri. Inu mukuthira feteleza ndi dzanja lomwelo lili ndi wotchi. Ukamva, ati ndikuwerenga masitepe. Masitepe a kumunda mukufuna kukawaonetsa kwa ndani? Ponyamula mabelo opita ku Chinkhoma, pokweza matumba a soya kapena mtedza mu lole, poumba njerwa, pomenya hamala, ikani wotchi m'thumba la zipi, thumba lopanda makiyi ndi mchenga.

Mchenga ndinene bwino, chifukwa apa ambiri amanamizira makiyi. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wa Mohs, galasi wamba limakhala pakati pa 5 ndi 6, mchenga wa quartz uli pa 7, mwala wa safiro uli pa 9. Ndiye kuti fumbi la Okutobala lija, lomwe limakutsatani kuchokera ku Chamama mpaka pa boma, ndi lolimba kuposa galasi la wotchi yanu. Mukapukuta sikirini yafumbi ndi malaya mwamphamvu, mukuipala. Tizikanda tating'ono tozungulira tija timachokera pamenepo. Uzirani kaye fumbi lichoke, nyowetsani kansalu kofewa ngati kopukutira magalasi a maso, pukutani mopepuka, kenako umitsani. Galasi la safiro limapezeka makamaka pa mawotchi odula, monga Galaxy Watch 5 kupita m'tsogolo ndi ma Apple Watch a stainless steel, a titanium kapena Ultra. Ena nonse gulani chotchinga. Yezani kukula kwa nkhope ya wotchi, kaya ndi 40, 44, 45 kapena 49 mm, musangotola chilichonse, chifukwa chachikulu chimatukuka m'mphepete n'kumasunga fumbi. Ngati mwaika kava yapulasitiki yozungulira wotchi yonse, muziivula kamodzi pa sabata. Thukuta ndi mchenga zimabisala pansi pake, n'kumakanda wotchi yomwe mukuti mukuiteteza.

Tsopano ija yomwe imadzaza mabenchi a okonza mafoni: "yasiya kutchaja." Tembenuzani wotchi. Timapini tiwiri tagolide totchajira tili kumbuyo kwa mawotchi ambiri otchipa tija timagona pakhungu tsiku lonse, thukuta lili ndi mchere. Mukaivula n'kuiika pa tchaja ikadali yonyowa thukuta, magetsi akudutsa m'madzi amchere pakati pa mapini awiriwo, ndipo chitsulo chimadyeka pamenepo. Poyamba kumachita kakuda, kenako kobiriwira, kenako pini imodzi imalowa m'kati. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi. Pukutani kumbuyo musanatchaje, nthawi zonse. Kamodzi pa sabata tengani kathonje ka m'makutu, kanyowetseni pang'ono ndi sipiriti, tsukani mapini a wotchi ndi a tchaja yomwe, dikirani ziume. M'mphako mwa lamba pitamoni ndi mswachi wofewa wouma. Singano, lezala ndi sandipepa ayi, mukuchotsa kagolide komwe kamateteza pini.

Tchaja yake ili ndi maginito, ndipo maginito amatola tizitsulo. Amene mumagwira kwa owotcherera zitsulo kapena kugalaja, yang'anani kumutu kwa tchaja, mupeza tizitsulo takuda tatamata. Timeneto timalumikiza mapini awiri, chingwe n'kutentha. Zulani kaye kumagetsi musanatichotse. Ndipo musasiye tchaja yolumikizidwa mutu wake ukungolendewera patebulo pomwe pali makiyi ndi makobiri, imakamata yokha n'kupsa. Mawotchi otchipawa amafuna 5V, ndipo ambiri amalemba 1A. Doko la USB la pa power bank kapena kamutu ka tchaja wamba kakwana. Za kudula chingwe n'kulumikiza molunjika ku batire ya sola ya 12V, chifukwa choti kumudzi kulibe magetsi, imeneyo ndi imfa ya pompopompo. Magetsi akazima wotchi ili pa tchaja, zulani, podzabwera amabwera ndi ukali.

Batire ya lithium imadana ndi kutentha kuposa china chilichonse. A Apple amati wotchi yawo izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Kasungu mu Okutobala ndi Novembala mthunzi weniweni umakhala ukupitirira 30, ndiye wina akuisiya pa dashibodi ya galimoto yotseka mawindo, wina pamwala padzuwa ati iume. Iume kapena ipse? Batire ikatupa imakankha sikirini, mudzaona mbali imodzi yatukuka. Mukaona zimenezo musaikanikize kuti ibwerere, musaimate ndi supagulu, musaitchajenso. Ichotseni pamkono, ikasinthidwe batire. Musamaidikire ifike pa ziro tsiku lililonse, ikafika cha m'ma 20 peresenti itchajeni. Ngati mukuisunga kwa miyezi, isiyeni ili cha pa theka ndipo muithimitse. Yosiyidwa m'dirowa ili pa ziro nthawi zambiri sidzukanso.

Nanga ikalowa madzi? Thimitsani nthawi yomweyo. Musaitchaje "kuti ndione ngati ikuyaka," kuyesa kumeneko ndi kumene kumaimaliza. Vulani lamba, pukutani, igwedezeni pang'ono mabowo a spika atayang'ana pansi. Pambaula ayi, padzuwa ayi. Mpunga usiyeni uphikidwe, sukoka madzi a m'kati mwa bodi, umangosiya fumbi lake m'mabowo. Timapaketi ta silica gel topezeka m'makatoni a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala tiikeni pamodzi ndi wotchi m'kontena yotseka kwa masiku awiri. Ngati anali madzi a sopo, ngakhale zimenezo musadikire, thamangirani kwa okonza aitsegule atsuke bodi tsiku lomwelo, chifukwa sopo akauma amasiya zotsalira zomwe zimapitiriza kudya.

Ndipo inu odandaula kuti wotchi yakutulutsani tizilonda pamkono, ena mpaka kumati ndi ma radiation, vulani muone pansi pa lamba. Thukuta, sopo wosatsukuluzika ndi litsiro la mwezi wathunthu zili pamenepo, lamba wa silikoni sapuma. Mutsukeni ndi madzi oyera atachotsedwa pa wotchi, aume, mkono nawo uume, ndiye muvale. Musamange ngati mukumanga mbuzi, wotchi ikhale chala chimodzi kumtunda kwa kafupa ka pamkono, yogwira koma yosafinya. Usiku wina muzigona osavala, kapena sinthani mkono. Lamba wachikopa asakhudze madzi konse. Kapini ka sipiling'i kogwira lamba, ka 20 kapena 22 mm, muzikakoka pang'ono kuona ngati kakugwira. A kabaza a njinga zamoto, kugwedezeka kwa tsiku lonse m'misewu yafumbi kumakamasula, wotchi imagwa osamva n'komwe.

Zifukwa zake kaya ndi ulesi, kaya ndi matama, kaya timabuku ta Chingerezi chosamveka tija, ine sizikundikhudza. Chinthu mwagula ndi ndalama yokhetsera thukuta, mukulephera kuchivula mphindi khumi?

Koma ogulitsa nanunso musasekerere, muli ndi mlandu wanu, ndipo wanuwo ndi woopsa kuposa wa sopo. Mukuwauza azimayi ndi azibambo athu achikulire kuti kawotchi aka kamayeza shuga ndi BP. Bodza. Mu February 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, linachenjeza kuti silinavomereze wotchi kapena mphete iliyonse yoyeza shuga popanda kubaya khungu. Kagetsi kobiriwira kakumbuyo kaja, pa wotchi yeniyeni, kamaona kugunda kwa mtima poyang'ana mmene magazi akudutsira pansi pa khungu. Pa zambiri zotchipazi kamangophethira, manambala ndi ongopeka. Yesani nokha musanalipire: iikeni patebulo, osavala, dinani poyeza mtima. Ikakupatsani 78, ndiye kuti tebulo lili ndi mtima. Ndiye gogo wa matenda a shuga aone 5.6 pamkono m'mawa uliwonse, asiye mankhwala, asiye kupita ku sikelo yake ku chipatala cha boma, chifukwa mdzukulu wamugulira "dokotala wa pamkono" pa depoti. Mukamawanamiza choncho anthu odwala kuti mugulitse katundu wanu, usiku mumagona tulo?