Chipinda chowonjezera ndi malonda a pakhomo: maganizo anga

Anzanga a muno mu Chipata, ambiri a ife tikafuna kuwonjezera chipinda pa nyumba timati puloti ndi yanga, njerwa ndaumba ndekha, simenti ndagula ndi thukuta langa, nanga khonsolo ikufunapo chiyani? Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Koma sindigwirizananso ndi zoti mayi wosoka mayunifomu pakhonde pake aziyendera mapepala ofanana ndi munthu amene wasandutsa nyumba yogonamo kukhala bala. Chimene chiyenera kuyang'anidwa n'chakuti kodi chomwe ukumangacho kapena ukugulitsacho chimupweteka bwanji mnansi wako.

Lamulo lilipo ndithu. Urban and Regional Planning Act ya 2015 inalowa m'malo mwa malamulo awiri akale, lina loona za mapulani a matauni, lina loona za makomboni. Limanena kuti wofuna kumanga, kuwonjezera nyumba, kapena kusintha ntchito ya malo, monga nyumba kukhala sitolo kapena loji, ayambe wapempha chilolezo. Wamanga popanda chilolezo, khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchitoyo ngakhale kugwetsa khomalo. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Title (pepala la umwini wa malo) ya zaka 99, kapena pepala lija la zaka 30 limene amapereka m'makomboni, limangotsimikiza kuti malowo ali m'manja mwako. Silikuuza kuti umange mpaka pa mpanda. Chimodzimodzinso kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ndi kutenga TPIN, nambala ya msonkho, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho: zimenezo n'zabwino, koma sizisandutsa puloti ya nyumba kukhala puloti ya malonda.

Yendani ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika muone mmene zimayambira. Nyumba inali ya zipinda zitatu, kuseri kuli bwalo loyanikapo zovala ndi mtengo wa mango. Mwini wake wapuma pa ntchito, penshoni ikuchedwa, ndiye adula mangowo n'kumanga tizipinda tinayi ta lendi motsamira malire. Ndani angamudzudzule? Akufuna chakudya ndi fizi ya ana. Koma malata atsopanowo akhuthulira madzi pa khoma la mnansi, ndipo khomalo ndi la njerwa zomangira dothi. Chimbudzi chomwe chinali cha banja limodzi tsopano chikulandira mabanja asanu, chadzaza msanga, ndipo malo okha otsala okumbapo china ndi pakona paja pamene tsidya lake pali chitsime chimene ana a eni amamwa. Njira ija imene galimoto inkalowa yatsala kanjira kodutsa munthu mmodzi. Tsiku lodwala mayi woyembekezera usiku, amamunyamula pamanja kukafika naye kumsewu.

Tisaiwalenso kuti mzinda wathu uli pakati pa mapiri. Mvula ikagwa ku phiri la Kanjala madzi satsika mwaulemu, amafuna njira yake yopita ku mtsinje wa Lunkhwakwa. Wina akaika maziko pa ngalande, madziwo amakalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi, amene sanalakwe kanthu. Ndipo kolera ija inayamba mu 2023 n'kuchititsa kuti masukulu m'dziko muno atsegulidwe mu February 2024 m'malo mwa January inatiphunzitsa kuti nkhani ya chimbudzi ndi chitsime si ya mwini puloti yekha. Pa zinthu ngati izi ine ndili kumbali ya lamulo, mopanda manyazi.

Pa malonda a pakhomo ndiye pamene ndikufuna kuti tisiyanitse bwino. Pali mayi amene amadzuka 4 koloko kukazinga zitumbuwa, n'kuziika m'ndowa pa geti. Pali mtsikana woluka tsitsi pansi pa mtengo, telala ndi makina ake, kantemba ka sopo, machesi ndi mafuta oyezera m'timabotolo. Anthu amenewa sasowetsa aliyense tulo, ndipo ndiwo akulera mzinda uno pamene ntchito zolembedwa zili zochepa. Kuwauza kuti akasinthe ntchito ya puloti ngati kuti akutsegula hotela n'kuwathamangitsa chabe. Koma pali winanso amene waika makina owotcherera zitsulo pafupi ndi zenera la chipinda chogona cha mnzake, moto uli thetheee pomwe ana akusewera. Wina wamanga khola la nkhuku za broila motsamira khitchini ya eni, ntchentche ndi fungo osanena. Wina chigayo, wina bala ya nyimbo mpaka mbandakucha, oledzera akukodzera pa mpanda. Awa apite akapemphe chilolezo, anansi afunsidwe, ndipo ngati malowo sakuyenera, akanidwe.

Tsono chifukwa chiyani anthu amamanga mobisa, Loweruka ndi Lamlungu, n'kufolera usiku? Si onse amene ali ouma mitu. Munthu akufuna chipinda chimodzi chokha, koma ayambe walipira wojambula pulani, alipire ndalama yoti pulaniyo iunikidwe, kenako adikire osadziwa kuti yankho libwera liti, uku simenti ikukwera mtengo. Akawerengera, amaona kuti mapepala adya ndalama ya malata. Ndiye amangoitana mmisiri.

Pempho langa kwa makhansala athu ndi ili. Khonsolo ikhale ndi mapulani okonzeratu a chipinda chimodzi kapena ziwiri, a chimbudzi ndi a kantemba, oti munthu angosankha n'kulipira kandalama kochepa kolembedwa poyera pa khoma, ndi lisiti yake. Ilembe mndandanda wa malonda ang'onoang'ono ololedwa pakhomo popanda kusintha ntchito ya puloti, iulengeze m'Chinyanja pa Breeze FM ndi Radio Maria kuti agogo a ku Magazine aumve ndi makutu awo. Ndipo woyendera wa khonsolo afike pamene chingwe changokokedwa, maziko asanakumbidwe. M'mera mpoyamba. Kumuuza munthu kuti sunthira kuno mita imodzi pa tsiku limenelo sikumuwonongera kalikonse. Kudikira mpaka nyumba itafoleredwa kenako n'kubwera ndi chigalimoto chogwetsera ndi nkhanza, ngakhale lamulo likulola. Makomiti a chitukuko a m'mawodi alipo kale, amadziwa khomo lililonse, angathandize pa ntchito imeneyi.

Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo ikukula mofulumira kulowera m'malo a mafumu. Kumeneko munthu amagula malo ndi kalata ya a nyakwawa, n'kumanga mmene wafunira, popanda wosiya malo a msewu, a paipi ya madzi kapena a mapolo a magetsi a ZESCO. Lamulo la 2015 lomweli limalola khonsolo kupangana ndi mafumu pa mapulani a malo oterewa. Ndikufuna ndimve kwa makhansala athu kuti zokambirana zimenezi ndi mafumu a Inkosi ya Makosi Mpezeni zili pati, chifukwa kumeneko misewu ikadali yotheka kuilemba pansi nyumba zisanadzaze.