Galimoto za hybrid ku Philippines: ndani amene ayenera kugula?

Mwezi wathawu ndinakhala mphindi zoposa 40 mumsewu waukulu wa EDSA ku Metro Manila, pakati pa Cubao ndi Ortigas, ndili m'galimoto ya hybrid ya Grab, takisi yoitanitsa pafoni, imene nthawi zambiri sinkamveka ngakhale pang'ono. Galimoto zinali zitathithikana mpaka kumene maso amalekezera, njinga zamoto zikudutsa m'mipata, koma injini yathu inali itazima ndipo mphepo yozizira inkabwerabe. Dalaivala, bambo wachikulire amene ndinkawatchula kuti Kuya monga mwa ulemu wa kuno, anandiloza geji ya mafuta n'kundiuza kuti ndalama imene amapereka ku banki mwezi ndi mwezi ndi yochuluka kuposa ya galimoto yawo yakale, koma pamalo othira mafuta amaimapo mwa apo ndi apo. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikulingalira funso limene anzanga a ku Philippines amakangana kwambiri: kodi galimoto za hybrid, zimene mtengo wake ndi wokwera chonchi, n'zoyeneradi kugula?

Maganizo anga ndi akuti n'zoyenera kwa munthu amene amayenda mtunda wautali mkati mwa mzinda tsiku ndi tsiku, koma kwa ena ambiri amene akuzithamangira, ndalama yowonjezera imene akulipira sidzabwerera kudzera m'mafuta.

Galimoto ya hybrid ili ndi injini ya petulo komanso mota yamagetsi yokhala ndi batire yake. Dalaivala akaponda mabuleki, mphamvu imene ikanangotayika ngati kutentha imasanduka magetsi n'kulowa m'batire, ndipo galimoto ikaima kapena ikamakwawa pang'onopang'ono injini imazima, mota n'kumagwira ntchito yokha. Choncho pamene galimoto wamba imamwa mafuta kwambiri, ndi pomwe hybrid imapulumutsa kwambiri. Ndipo mizinda yochepa padziko ndi imene ingapose Metro Manila pa nkhani yoima ndi kukwawa. Kafukufuku wa kampani ya TomTom wa chaka cha 2023 anapeza kuti kuyenda makilomita 10 m'dera la Metro Manila kunkatenga mphindi zoposa 25, ndipo bungwe la JICA la ku Japan linawerengera kuti mu 2017 kuthithikana kwa galimoto kunkawonongetsa mapeso 3.5 biliyoni tsiku lililonse. Kuwonjezera apo, pafupifupi mafuta onse a dziko lino amachokera kunja, fakitale yoyenga mafuta inatsala imodzi yokha, ya Petron ku Bataan, ndipo mitengo imasintha Lachiwiri lililonse popeza boma linasiya kuilamulira mu 1998. Amene analipo mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, akukumbukira petulo atadutsa mapeso 80 pa lita.

Zonsezi zikuoneka ngati zikuikira kumbuyo hybrid, koma tiyeni tiwerengere bwinobwino. Nditenga manambala ongoyerekeza kuti njira yake ioneke, ndipo aliyense aikepo ake. Tinene kuti hybrid ikuposa inzake ya petulo yekha ndi mapeso 300,000, kuti galimoto wamba ikuyenda makilomita 8 pa lita mumzinda pamene hybrid ikuyenda 16, ndiponso kuti lita ili pa mapeso 60. Munthu woyenda makilomita 10,000 pachaka adzapulumutsa malita 625, amene ndi mapeso 37,500, ndipo adzadikira zaka 8 kuti ndalama yake yowonjezera ibwerere. Koma dalaivala wa Grab woyenda makilomita 40,000 pachaka adzapulumutsa mapeso 150,000, ndipo pakutha pa zaka ziwiri adzakhala atabweza zonse. Galimoto ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo, koma wina wagula chida chogwirira ntchito pamene mnzake wamangirira ndalama pachinthu chimene chimakhala pakhomo nthawi yambiri. Ndipo popeza anthu ambiri kuno amagula galimoto pangongole ya zaka zisanu, mapeso 300,000 aja amabala chiwongoladzanja, motero zaka 8 zija zimatalika ndithu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti munthu amene angapindule kwambiri ndi amene zimamuvuta kwambiri kuigula. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Metro Manila anali mapeso 645 patsiku kuyambira mu July 2024, pamene hybrid yeniyeni yatsopano nthawi zambiri imadutsa mapeso 1 miliyoni. Ife Amalawi tinazolowera kuitanitsa Toyota Aqua kapena Honda Fit yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, n'kukaitenga ku Dar es Salaam pamtengo wofikirika, koma khomo limeneli kuno n'lotseka. Dziko la Philippines limayendetsa galimoto kudzanja lamanja, lamulo limaletsa galimoto za chiwongolero cha kumanja, ndipo kuitanitsa galimoto zakale n'koletsedwa kupatula mitundu yochepa. Munthu wofuna hybrid ayenera kugula yatsopano kapena kudikira kuti anzake ayambe kugulitsa zawo.

Boma layesetsa kutsitsa mitengo. Lamulo la misonkho la TRAIN, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linachepetsa ndi theka msonkho wa galimoto za hybrid, ndipo mu June 2024 Pulezidenti Ferdinand Marcos Jr. anasaina Executive Order 62 yochotsa msonkho wolowetsera galimotozi m'dziko mpaka 2028. Komabe galimoto zambiri zimene anthu amagula, monga zopangidwa ku Thailand ndi Indonesia, zinkalowa kale popanda msonkho umenewu chifukwa cha mgwirizano wa ASEAN, wa mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, choncho si mitengo yonse imene inagwa monga ena ankayembekezera. Chimene chasinthadi msika ndi kubwera kwa galimoto za ku China monga BYD Sealion 6, zimene zapatsa Toyota mpikisano umene sinauzolowere.

Tsopano ndifike pa chifukwa chimene ambiri sachitchula mokweza. Ku Metro Manila kuli lamulo lotchedwa number coding, limene limaletsa galimoto kuyenda m'misewu ikuluikulu tsiku limodzi pasabata malinga ndi nambala yomaliza ya pa nambala puleti yake, kuyambira 7 mpaka 10 koloko m'mawa ndiponso 5 koloko madzulo mpaka 8 koloko usiku. Kwa zaka zambiri mabanja opeza bwino ankagula galimoto yachiwiri pofuna kuzemba tsikuli. Lamulo la EVIDA la 2022 linamasula galimoto zamagetsi ndi za hybrid ku chiletsochi kwa zaka 8, ndipo kwa munthu amene akanagula galimoto yachiwiri, hybrid imodzi ndi yotsika mtengo kuposa galimoto ziwiri ndi malo awiri oimikapo. Mfundo imeneyi ndi yomveka ndipo sindikuitsutsa. Chimene ndikukana n'chakuti munthu agule Lexus kapena Alphard ya mamiliyoni angapo n'kumanena kuti akupulumutsa mafuta, chifukwa pamtengo umenewo mafuta opulumutsidwa ndi dontho m'nyanja ya Laguna. Ndikuonanso kuti si chilungamo kuti ufulu woyenda tsiku lililonse ugulidwe ndi olemera, pamene galimoto zawo zikutenga malo omwewo mumsewu umene wokwera jeepney, minibasi ya kuno, amathera maola ake.

Wogula asamalenso ndi dzina lakuti hybrid lolembedwa kumbuyo kwa galimoto. Zina zili ndi kamota kakang'ono kongothandiza injini, kosatha kuyendetsa galimoto pakokha, ndipo mafuta amene zimapulumutsa ndi ochepa. Nzeru ndi kuona kaye ngati galimotoyo ili pamndandanda wa unduna wa zamphamvu, Department of Energy, musanapereke ndalama poganiza kuti mwamasuka ku number coding. Zina ndi zofunika kuzilumikiza kumagetsi, ndipo phindu lake limaoneka ngati munthu ali ndi malo ochajira pakhomo. Wokhala pansanjika ya 20 ku Mandaluyong, amene malo ake oimika galimoto alibe soketi, adzangonyamula batire lolemera chaka chonse, ndipo ngakhale amene ali ndi soketi ayenera kukumbukira kuti magetsi a ku Philippines ali m'gulu la okwera mtengo kwambiri m'chigawo chino cha Asia.

Nkhani ya madzi nayonso si yoinyalanyaza. Namondwe wa Ondoy mu 2009 anamiza galimoto zosawerengeka, ndipo mu July 2024, panthawi ya namondwe wa Carina, ndinaona ndi maso anga galimoto zitamira mpaka m'mawindo mumsewu wa pafupi ndi kumene ndimakhala, eni ake atangoima pakhonde manja ali m'khosi. Galimoto iliyonse imawonongeka ikamira, koma m'ma hybrid ambiri batire limakhala pansi pa mpando wa kumbuyo, ndipo likalowa madzi si ntchito ya makaniko wa pa talyer, kagaraja ka m'mbali mwa msewu. Iyenera kupita ku casa, monga amatchulira garaja ya kampani yogulitsa galimotoyo, kumene mitengo yake ndi yokwera. Wokhala ku Marikina kapena ku Malabon, kumene madzi amasefukira kawirikawiri, awonjezere pa kuwerengera kwake inshuwalansi yoteteza ku ngozi zachilengedwe, imene nthawi zambiri imalipiridwa padera. Kwa anthu a kumaboma akutali, amene amayenda misewu yotakasuka monga NLEX ndi SLEX, kumene hybrid sipulumutsa kwenikweni, ndiponso amene casa ili kutali nawo, galimoto ya dizilo imene makaniko aliyense amaidziwa idakali yowayenera.

Mnzanga wina wa kuntchito, amene amayenda makilomita 6 okha kuchokera ku Pasig, anandifunsa maganizo anga sabata yatha atanyamula kale mapepala a ngongole. Ndinamupempha kuti ayang'ane makilomita amene galimoto yake yakale yayenda, ndipo tinapeza kuti sanafike 7,000 pachaka. Chimene ankafuna kwenikweni chinali kumasuka Lachitatu, tsiku limene nambala yake imaletsedwa. Ndinamukumbutsa kuti ufulu umenewu uli ndi malire a zaka 8 kuchokera mu 2022, ndipo ngati boma silidzauwonjezera, udzatha iye asanamalize n'komwe kubweza ngongoleyo. Tinawerengera limodzi ndalama yokwera Grab Lachitatu lililonse kwa chaka chathunthu, ndipo mapepala aja anabwerera nawo kunyumba osasaina.