Pageti panga si poimika galimoto yanu, aneba

Lero ndiye ndatopa nazo, ndilankhulepo basi, wokwiya akwiye. M'mawa uno ndatsegula geti kuti ndizipita ku ntchito, ndapeza galimoto ya aneba ili phee, mphuno yake yafika mpaka pamzati wa geti langa. Ina ya alendo awo aiimika tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi geti lomwelo. Ine ndadzuka nthawi yabwino, ndakonzeka nthawi yabwino, koma ndachedwa chifukwa munthu wina ali mtulo tofa nato, makiyi ali m'thumba la buluku lake. Ndagogoda, zii. Ndaimba foni, yangoitana. Ndagogodanso mpaka agalu a nyumba zonse auwa. Potuluka, maso ali psuu, mawu awo oyamba sanali pepani ayi. Akuti, "Aa aneba, komatu pamenepa mukhoza kudutsa bwinobwino."

Ndikhoza kudutsa? Ndiye ndimagogoderanji? Mukuganiza kuti ndinalakalaka kuona nkhope yanu m'mamawa muno?

Pageti pa munthu si poimika galimoto. Kaya ndi mphindi ziwiri, kaya ndi usiku wonse, kaya mwayatsa mahazadi, kaya mwasiya mwana mkati kuti akuitaneni, si poimika galimoto. Geti analiikira kulowa ndi kutuluka, ndipo mwini wake sayenera kupempha chilolezo kwa wina aliyense kuti atuluke pakhomo pake. Nkhani yake ndi yomweyi, ilibe mchira wina. Koma anthu akuluakulu, a mano 32 mkamwa, a laisensi m'chikwama, mpaka uwauze ngati ana.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri ndi kachinyengo kakuti "sindinatseke geti." Inde, simunaime pakati penipeni pa geti. Mwaima pambali pake, bampala yanu ikununkhiza mzati, mnzanu waima kutsidya, ndiye mukuyesa ndi maso n'kunena kuti mpata ulipo. Abale, galimoto situluka ngati munthu woyenda pansi amene amangopendeka phewa n'kudutsa. Galimoto wamba imatalika mamita 4 mpaka 5, mulifupi ndi pafupifupi mamita 2 ukawerengera magalasi a m'mbali. Kuti itembenuke yonse imafuna bwalo la mamita 10 kapena 11. Amakhota ndi matayala akutsogolo okha, akumbuyo amangotsatira ndipo amadula kona chamkati. Ukamatuluka chakutsogolo, mbali yakumbuyo ndi imene imakhula chilichonse chili pafupi ndi geti. Ukamatuluka chobwerera m'mbuyo, mphuno ndi imene imaponyedwa kunja. Ndiye wina watseka kona, wina watseka kutsidya komwe ndimayenera kukakhotera, n'kumati dutsani. Ndidutse mouluka? Munthu amene amagwira chiwongolero tsiku ndi tsiku zimenezi amazidziwa. Akunamizira kusadziwa chifukwa wovutikayo si iye.

Ndipo kupanikizika kwa malo ndi mbali imodzi chabe. China ndi maso. Chigalimoto chachitali chikaima pafupi ndi geti, sindiona chimene chikubwera mumsewu kufikira theka la galimoto yanga litalowa kale mumsewumo. Wa njinga sindimuona. Mwana wa sukulu wothamanga m'mbali mwa mpanda sindimuona, nayenso sandiona. Ndimatuluka pang'onopang'ono, khosi litatalika, mtima uli m'mwamba, kupemphera kuti kusabwere kanthu. Tsiku limene ndidzagunde munthu pamenepo, adzagwidwe ndi ndani? Ine. Mwini chigalimoto chotchingacho adzakhala m'gulu la oonerera, manja ali m'thumba, n'kumapukusa mutu kuti madalaivala a masiku ano. Ndikangokhula penti yake pang'ono poyesa kudutsa pa mpata umene iye akuti ulipowo, wolipira ndine, ndipo tsiku limenelo adzadzuka msanga osadikira kugogoda.

Ena mubwera pansipa kudzandiphunzitsa kuti msewu ndi wa tonse. Ndikudziwa. Sindinanenepo kuti msewu ndi wanga. Imikani kutsogolo kwa mpanda wanga, imikani pansi pa mtengo umene ndinadzala ndekha, mthunzi wakewo sindikulipiritsani. Koma msewu ukakhala wa tonse ndiye kuti nanenso ndili ndi ufulu wolowamo. Mukatseka pageti simukugwiritsa ntchito msewu wa tonse, mukundilanda ine msewuwo. Mwanditsekera m'nyumba yanga yomwe ngati mkaidi, makiyi a ndendeyo mwapita nawo kukagona.

Mukufuna lamulo? Nali, poti ena nzeru zachibadwa sizikukwanirani. Pangano la mayiko la malamulo a pamsewu limene linasainidwa ku Vienna mu 1968 linalemba poyera kuti kuimika galimoto patsogolo pa malo olowera magalimoto m'nyumba za anthu n'koletsedwa. Ku Britain, lamulo nambala 243 la Highway Code likuti usaime kapena kuimika galimoto pakhomo polowera pa malo a munthu. Ku New Zealand amati utalikire ndi mita imodzi. Ku Japan amati mamita atatu. Ku Germany anafika poletsa ngakhale kuimika moyang'anizana ndi geti ngati msewu uli wopapatiza, ndendende zimene achita alendo a aneba angawa. Mayiko otalikirana chonchi, zilankhulo zosiyana, ena oyendetsa kumanzere ena kumanja, onse anagwirizana pa kanthu kamodzi aka. Inu nokha ndi amene mwatulukira nzeru yatsopano yakuti mpata ulipo.

Inde, magalimoto achuluka, mapuloti ndi aang'ono, nyumba zambiri anamanga nthawi imene banja limodzi silinkalota zokhala ndi magalimoto atatu. Ndamva. Si ine ndinachititsa.

Walira mvula walira matope. Munagula galimoto, munagulanso vuto la poisunga. Vutolo ndi lanu, linabwera limodzi ndi makiyi. Simungatenge kukoma kwa galimoto n'kusiya matope ake pakhomo pa mnzanu. Ku Japan komwe ndatchulako, kuyambira mu 1962 anaika lamulo lakuti m'madera ambiri munthu asanalembetse galimoto ayambe waonetsa umboni wakuti ali ndi malo oisungira. Kopanda malo, kopanda galimoto. Ena akamva zimenezi amati nkhanza. Ine lero ndikuti anaganiza bwino anthu amenewo. Galimoto nthawi yambiri ya moyo wake imakhala itangoima, kuyenda kwake ndi kwa kanthawi kochepa patsiku. Ndiye munthu pogula amafunsa za injini, za mafuta, za mtundu wa penti, koma osadzifunsa kuti chinthu chimenechi chizigona kuti. Akafika nacho kunyumba m'pamene akuyamba kuyang'ana mageti a anzake.

Ndipo pena si kusowa malo n'komwe. Aneba angawa mkati mwa mpanda wawo malo alimo, ndimaona ndi maso angawa. Ndi ulesi wotsika n'kutsegula geti lawo. Ndi ulesi woyenda mapazi makumi awiri kuchokera pomwe pali malo abwino. Kuti iwo asayende kamtunda kakang'ono ako, ine ndichedwe ku ntchito. Kuti iwo asasunthe galimoto ya akazi awo m'mawa, ine ndikagogode pakhomo pawo. Nthawi yawo ndi ya mtengo wapatali, yanga ndi yotola.

Chinanso chimene chimandiwawa n'chakuti wolakwiridwa ndi amene amasanduka wopempha. Ndiyenera kupita ine, kuodira ine mwaulemu, kuyamba ndi moni, kufunsa za ana, kenako, "Pepanitu bambo, ndimati mwina mungandisunthireko galimoto pang'ono." Pepani wa chiyani? Ndalakwa chiyani ine? Iwo n'kumati, "Ndikubwera aneba, ndingomaliza kusamba." Ndiye uime panja ndi zovala za ku ntchito, ukuyang'ana wotchi, kudikira munthu amalize kudzola mafuta. Akasuntha, amayembekezera kuti unene zikomo. Ndipo umanenadi, chifukwa tinaleredwa choncho. Ukangokweza mawu tsiku limodzi, mbiri yako yathera pomwepo: ndiwe wovuta, ndiwe wodzimva, sufuna kukhala ndi anthu, kagalimoto kamodzi komweko kakukutukumula. Wotseka geti uja amakhalabe munthu wabwino, woseka ndi aliyense.

Kukhala bwino ndi anthu sikutanthauza kuti m'modzi azingopirira, wina azingochita zofuna zake. Ndalankhula nawo mofatsa, osati kamodzi. Ndawapatsa nambala yanga, ndatenga yawo. Ndawasonyeza ndi dzanja pomwe galimoto ikaima ndimatha kutuluka. Ndamata chikwangwani pageti. Amamva masiku ochepa, kenako galimoto ija imayambanso kusendera, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka yabwerera pamzati pomwe paja. Musandiuze kuti amaiwala. Munthu saiwala geti limene akuliona ndi maso ake, lalikulu, lopaka penti. Angoona kuti palibe chimene chingawachitikire.

Nanga alendo? "Si ine, ndi alendo." Alendowo anabwera kwa yani? Mlendo sadziwa kuti nyumba iyi amatuluka nthawi yanji, mwini khomo ndiye amadziwa. Mukamawalandira ndi manja awiri, tulukaninso mukaone pomwe aimika. Kukakhala phwando ndiye kumaipiratu. Msewu wonse umadzaza mbali zonse ziwiri, nyimbo zili pamwamba, ukapita kukafunsa mwini galimoto yakutiyakuti aliyense amangokuyang'ana, wina kuloza wina, mpaka alengeze nambala ngati mwana wasochera.

Tsiku lina sikudzakhala kuchedwa ku ntchito. Kudzakhala pakati pa usiku, mwana akubanika, kapena mayi woyembekezera nthawi yake yakwana, kapena munthu wamkulu wagwa m'bafa. Pamenepo ndiyambe kugogoda, kuimba foni yozimitsa, kudikira munthu apeze makiyi mumdima? Ambulansi ikabwera iime pati? Galimoto yozimitsa moto, ukulu wake uja, idutse pati pamene inu mwasiya kampata kongokwana njinga? Inu simudziwa chimene chikuchitika m'nyumba ya mnzanu. Simudziwa amene akudwala, simudziwa amene waitanidwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake pageti sipatsekedwa, ngakhale muone kuti magetsi azima ndipo anthu agona. Si inu woti muziganizira kuti ine ndituluka liti. Ndikhoza kutuluka 2 koloko usiku popanda chifukwa chilichonse, kungofuna kuyenda, ndipo zimenezo si nkhani yanu.

Anzanga ena akuti ndiphwetse matayala, ena akuti ndikande ndi msomali, wina mpaka akuti ndiimike yanga pageti pawo alawe. Ayi. Ndikatero mlandu wachoka kwa iwo wabwera kwa ine, ndipo iwo ndi amene akathamangire kupolisi misozi ili mbwee. Sindiwapatsa mwayi umenewo. Chimene ndachita lero ndajambula zithunzi, nambala ikuoneka, geti likuoneka, nthawi ikuoneka. Zikachitikanso sindigogodanso. Ndipita nazo kwa eni nyumba amene amawachititsa lendi komanso kwa apolisi apamsewu, akafotokoze kumeneko za mpata umene iwo okha amauonawo. Adzati ndawononga ubale. Ubale wake uti? Uwu woti ine ndiziima panja ngati mlonda wawo?

Pageti pa munthu musaimikepo galimoto. Pafupi ndi geti musaimikepo. Moyang'anizana ndi geti pa msewu wopapatiza musaimikepo. Mukaona kuti mukufunika kuyeza ndi maso ngati mnzanu angadutse, dziwani kuti mwaima kale polakwika, sunthani.

Ndipo poti ndayamba kale, alamu ya galimoto yomweyo. Mphaka akangodutsa, yalira. Mphepo ikangowomba, yalira. Lole ikadutsa patali, yalira. Tonse m'nyumba zoyandikana timadzuka, makanda amalira, agalu amayamba, ife kusuzumira pawindo kuopa kuti mwina ndi akuba. Munthu m'modzi yekha amene samva ndi mwini wake. Chipinda chake chili kuseri, galimoto waisiya pansi pa windo langa. Imalira mpaka kutopa yokha, kupuma pang'ono, n'kuyambiranso. Alamu imene mwini wake saimva ikulondera ndani? Kakonzetseni chinthu chimenecho kapena chotsani batire.